Tinyenyezi m'lipoti: momwe mawu a Markdown amasandukira fayilo ya Word

Lachitatu lina masana, mu ofesi ya bungwe lina ku City Centre, mayi wina wogwira ntchito za ulembi anandikodola nkhope ili yokwinya. Anali atapempha ChatGPT kuti iwakonzere ndondomeko ya msonkhano wa masiku awiri, n'kudina kabatani kokopera, n'kukathira zonse mu Word. Pa foni zinkaoneka zaudongo: mitu yakuda bii, mfundo zili m'mizere yake. Mu Word munali tinyenyezi ndi zizindikiro za # ponseponse, ngati papalasa nkhuku.

"Achimwene, taonani izi. Kodi ndi vayirasi?"

"Ayi amayi, kompyuta ili bwinobwino. Zimenezo ndi Markdown."

"Maki chani? Ndiye ndizifufuta kamodzikamodzi masamba 14 onsewa? Abwana akuifuna isanakwane folo."

Tinathana nazo m'mphindi zochepa pa laputopu yanga, ndi mzere umodzi wokha wa lamulo lotayipira kompyuta. Koma mayiwa sali okha. Chitulukireni ChatGPT mu Novembala 2022, tinyenyezi timeneti tafika m'makalata a m'maofesi, m'ntchito za ophunzira a ku koleji, ngakhale m'mapulogalamu a ukwati. Chomwe chili kuseri kwake n'chakale kuposa ChatGPT.

Choko cha telala

Telala wa pakhonde ku Old Town akalandira nsalu, amayamba waijambula ndi choko: apa podula, apa popinda, apa pathumba. Chokocho si chovala, ndipo mwini diresi sadzachiona n'komwe. Ntchito yake ndi kunena chochita ndi nsaluyo.

Markup, banja la zizindikiro lomwe Markdown imachokerako, ndi choko chotere, koma cha pa mawu. Dzinali linachokera m'nyumba zosindikizira mabuku, kumene mkonzi ankalemba ndi pensulo m'mbali mwa pepala kuuza wosanja zilembo kuti uwu ndi mutu, mawu awa apendeke, apa payambe ndime yatsopano. Makompyuta atabwera, zizindikirozo zinalowa m'kati mwa mawu momwemo. Mu 1969 akatswiri atatu a ku IBM, Charles Goldfarb, Edward Mosher ndi Raymond Lorie, anakonza njira yotchedwa GML. Mwana wake, SGML, anavomerezedwa ndi ISO, bungwe loona za miyezo padziko lonse, mu 1986, ndipo ndi pamenepo pomwe Tim Berners-Lee anatengera HTML, chilankhulo cholembera masamba a pa intaneti, ali ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi ku Ulaya, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. XML, imene tikumane nayo posachedwa, inatuluka mu 1998 kuchokera ku banja lomweli.

Banja limeneli ndi lolemera pakamwa. Kuti liwu limodzi lide mu HTML, mumalemba `<strong>Chenjezo</strong>`. Choko chachuluka kuposa nsalu. N'chifukwa chake anthu anayamba kupeka zizindikiro zopepuka, zochepa, zoti munthu atha kuwerenga mawuwo bwinobwino ngakhale asanasinthidwe ndi makina.

Ambirife timazigwiritsa kale ntchito osadziwa. Pa WhatsApp, `*mawu*` amada, `_mawu_` amapendeka, `~mawu~` amadulidwa ndi mzere pakati. Kungoti malamulo a WhatsApp ndi akeake. Kanyenyezi kamodzi mbali zonse kamadetsa mawu pa WhatsApp, pomwe mu Markdown kamawapendeketsa, ndipo kuti ade pamafunika tiwiri. Mukaona uthenga pa gulu la mpingo uli ndi tinyenyezi totsalira m'mbali mwa mawu, kawirikawiri ndiye kuti wolembayo wautenga kwina kumene amalankhula Markdown.

Markdown ndi zilankhulo zake

Markdown inapekedwa mu 2004 ndi John Gruber wa ku America, mothandizidwa ndi Aaron Swartz. Gruber ankafuna kuti zolembedwazo zizioneka ngati imelo wamba yolembedwa mwaudongo. Lipoti likhoza kuyamba chonchi:

```
# Lipoti la mwezi wa Malichi

## Zomwe tachita

Tinayendera midzi 12 ya kwa T/A Chadza.

- Mijigo yokonzedwa: 7
- Mijigo yodikira zipangizo: 2
```

Chizindikiro cha # chimodzi ndi mutu waukulu, ziwiri ndi mutu waung'ono, kamzere kumayambiriro ndi mfundo ya m'ndandanda. Fayiloyi ndi mawu okhaokha. Imatseguka pa foni iliyonse, siidya bandulo poitumiza, ndipo magetsi akathima munthu atha kupitiriza kulemba pa foni osataya kanthu.

Pulogalamu ya Gruber inali yaing'ono, yolembedwa mu chilankhulo cha makompyuta cha Perl, ndipo inkatulutsa HTML basi. Inalibe matebulo, inalibe mawu a m'munsi mwa tsamba, ndipo malamulo ake anasiya malo ambiri osatchulidwa. Aliyense wofuna zina ankangowonjezera zake. Zotsatira zake zili ngati Chichewa cha kuno ndi Chinyanja cha ku Lusaka: timamvana ndithu, koma pena liwu lomwelo limatanthauza zina. Mu 2014 gulu lina, momwe munali John MacFarlane ndi Jeff Atwood, linalemba malamulo atsatanetsatane n'kuwatcha Standard Markdown. Gruber anakana dzinalo, ndipo linasinthidwa kukhala CommonMark. GitHub, webusayiti yosungirapo mapulogalamu, inamanga mtundu wake pamwamba pa CommonMark mu 2017, n'kuwonjezerapo matebulo ndi zina. Palinso abale ena amene si Markdown konse, monga reStructuredText ya anthu olemba mapulogalamu mu chilankhulo cha Python, ndi AsciiDoc, koma nkhani yowasandutsa Word imayenda mofanana.

M'kati mwa fayilo ya docx

Yesani izi pa kope la fayilo, osati yeniyeniyo. Tengani `lipoti.docx`, isintheni dzina ikhale `lipoti.zip`, muitsegule. Mupeza kuti si chinthu chimodzi ayi. Ili ngati envelopu ya khaki yofunsira ntchito: kunja ndi imodzi, m'kati muli kalata, CV, masatifiketi ndi zithunzi, chilichonse pachokha. Mawu anu ali mu `word/document.xml`, maonekedwe ali mu `styles.xml`, kawerengedwe ka mindandanda kali mu `numbering.xml`, ndipo zithunzi zili m'foda yotchedwa `media`.

Sizinali choncho kale. Word inatuluka mu 1983, ndipo kwa zaka zambiri mafayilo ake a doc anali otsekeka, ovuta kuti pulogalamu ina iwalembe molondola. Docx inabwera ndi Office 2007. Dongosolo lake, Office Open XML, linavomerezedwa ndi bungwe la Ecma mu Disembala 2006, kenako ndi ISO mu 2008 patachitika mkangano waukulu. Otsutsa ankati dongosolo lotseguka linalipo kale, la OpenDocument, lomwe ISO inavomereza mu 2006 ndipo ndi limene LibreOffice imagwiritsa ntchito lero, komanso kuti masamba oposa 6,000 a malamulo a Microsoft anali ochuluka kwambiri kuti ena awatsatire. A Microsoft ankati pankafunika dongosolo lotha kunyamula zonse za m'mafayilo akale a Office. Kwa ife chofunika n'chakuti malamulowo ali poyera, choncho pulogalamu iliyonse itha kulemba docx ngakhale pa kompyuta pomwe palibe Word.

Mutu wa lipoti lija umaoneka chonchi m'kati mwa envelopu:

```
<w:p>
  <w:pPr><w:pStyle w:val="Heading1"/></w:pPr>
  <w:r><w:t>Lipoti la mwezi wa Malichi</w:t></w:r>
</w:p>
```

Taonani chomwe palibe. Palibe dzina la fonti, palibe kukula kwa zilembo, palibe mtundu. Pangolembedwa kuti ndime iyi ndi Heading1.

Sitayilo: dzina la chinthu ndi chovala chake

Ambirife tinaphunzira Word mwa kuonera. Ukafuna mutu, umasankha mawuwo, kudina B, kukweza zilembo kufika pa 16, kuika pakati. Ndi maso ukuoneka mutu, koma kwa Word ndi ndime wamba yonenepa. N'chifukwa chake wophunzira wa ku Bunda amachezera usiku wonse kutayipa tsamba la zam'kati pamanja, timadontho timodzitimodzi mpaka pa nambala ya tsamba, ndiyeno m'mawa aphunzitsi akati awonjezere ndime ziwiri mu chaputala 2, manambala onse asuntha, ayambirenso.

Sitayilo ndi dzina lomwe lamangiriridwa ku maonekedwe. Taganizani za yunifolomu ya sukulu. Mphunzitsi wamkulu sayenda kusankhira mwana aliyense malaya. Amangoti a pulayimale avale zakuti, a sekondale zakuti, ndipo chaka chamawa akafuna kusintha mtundu wa siketi amasintha lamulo limodzi. Mu Word, mukauza ndime kuti ndi Heading 1, imavala chilichonse chomwe Heading 1 yauzidwa kuvala. Musinthe pamodzi, mitu yonse 40 isintha. Tsamba la zam'kati limadzipanga lokha, chifukwa Word tsopano ikudziwa kuti mitu ndi iti. Ngakhale pulogalamu yowerengera munthu wosaona imatha kudumpha kuchoka pa mutu wina kupita pa wina.

Markdown ilibe njira yonenera kuti Times New Roman 12, kapena mpata wa 1.5 pakati pa mizere. Imangodziwa kunena kuti ichi n'chiyani: mutu, ndime, mfundo, mawu ogwidwa. Choncho kusandutsa Markdown kukhala Word kwenikweni ndi kulumikiza mayina awiri: # apite ku Heading 1, ## apite ku Heading 2, ndime wamba ipite ku Body Text. Zovala zimachokera kwina.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi. Amayesa koyamba, fayilo ituluka ndi mafonti achilendo, yopanda chizindikiro cha bungwe, n'kunena kuti chida ichi n'chachabe. Ine ndimati mlandu si wa chidacho, wangopatsa telala nsalu osamuuza fashoni. Fashoniyo imaperekedwa kudzera m'fayilo yachitsanzo. Mu Pandoc, pulogalamu imene tiifotokoze pansipa, mumayamba mwatulutsa chitsanzo chake:

```
pandoc -o chitsanzo.docx --print-default-data-file reference.docx
```

Mumachitsegula mu Word kapena LibreOffice, n'kusintha masitayilo enieniwo, osati mawu a pa tsamba. Heading 1 ikhale yobiriwira ngati bungwe lanu limakonda zobiriwira. Muike chizindikiro cha bungwe pamwamba pa tsamba, nambala ya tsamba m'munsi, mukonze malire a pepala. Pali kamsampha kamodzi: Pandoc imapatsa ndime yoyamba pansi pa mutu sitayilo yotchedwa First Paragraph, zotsatirazo Body Text, ndipo mfundo zothithikana za m'ndandanda zimatenga Compact. Mukasintha imodzi n'kuiwala zinazo, lipoti limatuluka la mawangamawanga. Mukamaliza:

```
pandoc lipoti.md -o lipoti.docx --reference-doc=chitsanzo.docx
```

Mawu a m'chitsanzomo satengedwa, koma masitayilo, malire ndi za pamwamba ndi pansi pa tsamba zimatengedwa. Ntchito ya tsiku limodzi imeneyi imatumikira malipoti onse otsatira.

Pandoc ndi depoti

Pandoc inalembedwa ndi John MacFarlane yemwe uja, pulofesa wa filosofi pa yunivesite ya California ku Berkeley. Inatuluka mu 2006, inalembedwa mu chilankhulo cha makompyuta cha Haskell, ndi yaulere, ndipo inayamba kutulutsa docx mu 2012.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kodziwika kwa aliyense wokwera minibasi mu Lilongwe. Kuchoka ku Area 25 kupita ku Area 23, sumadikira minibasi yolunjika. Umatsika m'tauni, n'kukwera ina. Pandoc nayo imayamba yawerenga fayilo yanu n'kuisandutsa ndondomeko yakeyake ya pakati, yongonena kuti apa pali mutu wa msinkhu woyamba, apa ndime, m'ndimemo muli liwu lodetsedwa. Kuchokera pa depoti imeneyi, gawo lina la pulogalamu limalemba docx, kapena HTML, kapena EPUB ya mabuku owerengera pa foni. Masamu ake ndi osavuta: mitundu 10 ya mafayilo ikanafuna njira 90 zolunjika, koma podzera pakati zikwana 20, khumi zolowa ndi khumi zotuluka.

Kuipa kwa depoti n'kwakuti katundu amene minibasi yachiwiri singanyamule, kapena amene depotiyo ilibe pomuika, amatsala. Ubwino wake n'kwakuti pakatipo mutha kugwira katunduyo. Kuyambira mu 2017 Pandoc imalola timapulogalamu tating'ono, tolembedwa mu chilankhulo cha Lua, tosintha zinthu zili pa depoti, monga kuika ndime iliyonse ya chenjezo m'sitayilo yapadera. Imathanso kusanja mabuku ogwidwa mawu m'kalembedwe ka APA kapena kena, ndipo masamu olembedwa mu TeX, njira yolembera masamu ndi zizindikiro, amatuluka ali masamu enieni a Word, osinthika, osati zithunzi. Mukapempha tsamba la zam'kati ndi `--toc`, musadabwe Word ikakufunsani potsegula ngati ikonzenso zina m'fayilomo. Manambala a masamba amawerengedwa ndi Word, chifukwa Pandoc sidziwa pomwe tsamba lithere.

Mukaiika pa kompyuta, Pandoc sifuna intaneti. Izi zili ndi phindu loposa la bandulo. Mawebusayiti osinthira mafayilo kwaulere alipo ambiri ndipo ndi achangu, koma lipoti lokhala ndi mayina a odwala kapena a ana olandira thandizo likakwezedwa kumeneko, lachoka m'manja mwanu. Malawi ali ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu la 2024, ndipo ofesi iyenera kuganizira zimenezi isanakweze chilichonse.

Njira ina: kumanga njerwa imodziimodzi

Ena sadzera pa depoti. Amalemba pulogalamu mu Python ndi chida chotchedwa python-docx, kapena china chofanana nacho mu JavaScript, n'kumauza kompyuta kuti ika mutu apa, tebulo la mizati isanu apa, bokosi ili likhale lachikasu. Mphamvu ndi yochuluka, ntchitonso ndi yochuluka. Njirayi imakomera ofesi yofuna malipoti 28, limodzi pa boma lililonse, ofanana maonekedwe koma osiyana manambala. Ochita kafukufuku amene amagwiritsa ntchito zida za R Markdown kapena Quarto ali pakatikati: manambala ndi ma girafu zimawerengedwa ndi pulogalamu, koma pansi pake pali Pandoc yomweyo. Amene safuna kuona mzere wa lamulo n'komwe atha kudzera ku Google Docs, imene kuyambira mu Julayi 2024 imalandira ndi kutulutsa Markdown.

Timisampha ta kwathu kuno

Zida zambiri zinapangidwa ku America, kumene pepala lawo ndi Letter, la mamilimita pafupifupi 216 kwa 279. Lathu ndi A4, la 210 kwa 297. Chitsanzo chobwera ndi python-docx chili pa Letter. Pa sikirini simuona kanthu, koma mukafika kopulinta, malire asokonekera ndipo tebulo lomwe linakwana tsamba limodzi lagawika. Konzani pepala m'fayilo yachitsanzo musanachite china chilichonse.

Chachiwiri ndi adiresi ndi ndakatulo. Mu Markdown, kudina Enter kamodzi sikudula mzere. Adiresi ya mizere inayi pamwamba pa kalata imatuluka ili mzere umodzi wautali, dzina la ofesi, bokosi ndi mzinda zitagundana. Mankhwala ake ndi kuika chizindikiro cha `\` kumapeto kwa mzere uliwonse.

Chachitatu ndi chathuchathu. Chichewa chadzaza ndi kachizindikiro ka m'mawu monga m'mudzi, ng'ombe ndi n'chifukwa. Pandoc imakasintha kowongoka kukhala kopindika, ndipo pa pepala kamakongola. Koma mapulogalamu ena amaona tiwiriti ngati zilembo zosiyana, moti kufufuza liwu m'mafayilo ambiri kutha kuphonya ena. Wosafuna zimenezi alembe `-f markdown-smart`. Chilembo cha ŵ, kwa amene amalemba Malaŵi motero, chimadutsa bwinobwino malinga fayilo isungidwe mu UTF-8, njira yosungira zilembo za zilankhulo zosiyanasiyana, ndipo fonti yosankhidwayo ikhale nacho. Pamwamba pa fayilo muthanso kulemba `lang: ny`, chomwe ndi chizindikiro cha Chichewa m'kaundula wa ISO, kuti fayilo isamadzinenere kuti ndi ya Chingerezi. Mizere yofiira ija pansi pa liwu lililonse imabwera chifukwa Word ikuyeza mawu athu ndi dikishonale ya Chingerezi.

Ulendo wobwerera, ndi zomwe sizinathe

Mayi a ku City Centre aja anapereka ndondomeko yawo nthawi isanakwane. M'mawa mwake inabwerako itadzaza zofiira za Track Changes, zosonyeza pomwe pasinthidwa, ndi ndemanga m'mbali. Abwana anali ataphatikizanso mabokosi awiri a tebulo n'kuwonjezera kabokosi ka mawu pa tsamba loyamba.

Pandoc imatha kuwerenga docx n'kuibweza ku Markdown, ndipo ndi `--track-changes=all` imasunga zosinthidwa ndi ndemanga. Koma ufa subwerera kukhala chimanga. Matebulo osavuta a Markdown sadziwa mabokosi ophatikizidwa, ndipo kukongoletsa kochitidwa pamanja mu Word kulibe liwu lake mu Markdown. Pofika apa mafayilo alipo awiri, ndipo funso loyamba lomwe silinayankhidwe ndi lakuti weniweni ndi uti. Ena amati Markdown ikhale gwero, zosintha za abwana zizikoperedwa mmenemo pamanja, docx ikhale chongotuluka chabe. Ena amati kumeneko n'kugwira ntchito kawiri, Markdown ithere pa kope loyamba, kuchokera apo zonse zichitikire mu Word momwe aliyense mu ofesi amadziwa kale. Mbali zonse zili ndi mfundo, ndipo yankho limasintha malinga ndi kuchuluka kwa anthu ogwira fayiloyo.

Funso lachiwiri ndi la chilankhulo. CommonMark inakonza maziko, koma matebulo, mawu a m'munsi mwa tsamba ndi mabuku ogwidwa mawu zikadali m'manja mwa mitundu yosiyanasiyana. Kodi zidzagwirizana, kapena aliyense azingotchula mtundu womwe akulemba? Ndipo Markdown ikamawonjezeredwa zizindikiro kuti ikwanitse zonse za Word, idzakhalabe yopepuka mpaka liti?

Palinso nkhani ya makampani akuluakulu. Google Docs yatsegula kale chitseko, ndipo mapulogalamu ocheza nawo monga ChatGPT akutulutsa Markdown tsiku ndi tsiku kwa anthu amene sanaimvepo. Mwina kusinthaku kudzangobisika kuseri kwa batani lothira mawu, munthu osaonanso kanyenyezi. Mwinanso maofesi ofuna maonekedwe awoawo adzafunabe fayilo yachitsanzo ndi munthu woisamala. Ngati ndi choncho, m'bungwe la anthu asanu ndi mmodzi lopanda wa IT, munthu ameneyo ndi ndani, ndipo akachoka ntchito chitsanzocho chimatsala pa laputopu ya yani?